Khoma lotchinga phokoso la msewu waukulu: kuyeza, kukonza mapulani ndi kupeza kontilakitala mu Lilongwe

Misewu ya Lilongwe yakula, ndipo phokoso lakula nayo limodzi. Msewu wa M1 umadutsa pakati pa nyumba, masukulu ndi matchalitchi kuyambira ku Bunda Turn-off mpaka ku Kanengo. Western Bypass imanyamula malole amene kale ankapanikizana m'tauni. Pa Area 18 pali mlatho wa misewu yodutsana pamwamba, ndipo msewu womwe tinkaudziwa kuti Kenyatta tsopano uli ndi mizere 6. Galimoto zikamayenda bwino zimathamanga, zikathamanga matayala amalira kwambiri. M'kalasi yoyang'anizana ndi msewu wotere mphunzitsi amaima pakati pa chiganizo, choko chili m'manja, kudikira kuti thiraki ya mafuta idutse, kenako n'kuyambiranso. Pa tsiku amatero kambirimbiri.

Malangizowa ndi a mainjiniya a khonsolo, akuluakulu a sukulu ndi zipatala, eni malo omanga nyumba zambiri, ndi makomiti ogula zinthu. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: chomwe mukugula ndi kutsika kwa phokoso pa windo la munthu, osati mamita a khoma. Khoma likhoza kukhala lokongola, lolimba, lodula, koma osachotsa phokoso ngakhale pang'ono.

Yambani ndi kuyeza

Phokoso timaliyeza m'madesibelo, ndipo pa nkhani ya misewu timalemba kuti dB(A), muyeso wotsata mmene khutu la munthu limamvera. Masamu ake ndi achilendo. Galimoto zikachuluka kuwirikiza kawiri, phokoso limakwera ndi 3 dB yokha, yomwe khutu limangoizindikira movutikira. Kutsika kwa 5 dB aliyense amakumva. Kutsika kwa 10 dB munthu amamva ngati phokoso lachepa ndi theka. Mukatalikira msewu kuwirikiza kawiri, mwachitsanzo kuchoka pa mamita 15 kufika pa 30, phokoso limatsika ndi 3 dB pa nthaka youma yopanda kanthu, ndipo pafupifupi 4.5 dB pa udzu kapena m'munda wolimidwa.

Malire oti muziyerekezera nawo alipo. Malangizo a World Bank pa ntchito zomwe amathandiza ndi ndalama amati kunja kwa nyumba zogona ndi masukulu phokoso lisapitirire 55 dB(A) masana, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, ndi 45 dB(A) usiku. Pamene phokoso linali lokwera kale, ntchito yatsopano isaonjezere zoposa 3 dB. Bungwe la WHO mu 1999 linati m'kalasi mukhale 35 dB(A), m'chipinda chogona 30 dB(A). Funsaninso ku Malawi Bureau of Standards ndi ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, za malire a kuno kwathu, chifukwa iwowo ndi amene adzaone lipoti lanu.

Foni ya m'manja siyeza phokoso moti n'kulembera kontirakiti. Pakufunika mita yeniyeni yoyezera phokoso ya Class 1 yogwirizana ndi muyezo wa IEC 61672, pamodzi ndi kachipangizo koiwongolera kamene kamatulutsa 94 dB. Iwongoleni musanayambe ndiponso mukamaliza. Ikasiyana ndi zoposa 0.5 dB, zomwe mwayezazo zitayeni. Maikolofoni ikhale mamita 1.2 mpaka 1.5 kuchoka pansi, mamita 3.5 kutali ndi khoma lililonse, itavala kasiponji kake kotchinga mphepo. Musayeze msewu uli wonyowa, chifukwa matayala pa madzi amalira mosiyana, ndipo musayeze mphepo ikamaposa mamita 5 pa sekondi. Izi zikutanthauza kuti masiku a mvula ndi masiku a mwera wamphamvu m'miyezi ya June ndi July sakuthandizani.

Malo amodzi kapena awiri muyeze maola 24 osalekeza, ena onse mphindi 15 mpaka 30 m'mawa, masana ndi usiku. Nthawi yomweyo wina akhale pambali pa msewu ndi kope, aziwerenga galimoto zazing'ono pazokha, maminibasi, njinga zamoto ndi malole pazokha. Kuwerengaku musakunyoze. Lole imodzi yolemera imachita phokoso ngati galimoto zazing'ono pafupifupi 10, choncho msewu wopita ku Kanengo m'nyengo yogulitsa fodya ndi wosiyana ndi msewu womwewo mu January. Lembaninso zosokoneza: chigayo, jenereta, sipika ya pa bala, agalu. Khoma la msewu silidzachotsa zimenezo, ndipo anthu ayenera kuuzidwa poyamba pomwe.

Kenako katswiri aike manambalawa m'pulogalamu ya kompyuta yowerengera phokoso la misewu, monga TNM ya ku America kapena njira ya CRTN ya ku Britain, ndipo awerengere galimoto zomwe zidzakhalepo zaka 15 kapena 20 zikubwerazi. Khoma lomangira galimoto za lero limakalamba lisanaume penti.

Kodi khoma ndiye yankho pamalopo?

Nthawi zambiri ayi. Khoma limathandiza nyumba zapafupi, makamaka za m'kati mwa mamita 60 kuchoka pa khomalo. Nyumba za pamtunda zomwe zimauona msewu chapansi, ndi zipinda za m'mwamba pa nyumba zosanja, sizipindula kwenikweni. Pamene geti lililonse limatulukira mu msewu, monga m'madera ambiri a Biwi ndi Mchesi, khoma lingakhale mipata yokhayokha ndipo ndalama zingangopita m'madzi. Pamalo otere ganizirani kuchepetsa liwiro, kukonza maenje ndi zivundikiro zogwedera za ngalande, kusuntha siteji ya maminibasi, kapena kuika mawindo otseka bwino m'makalasi akumsewu. Onaninso mahampu: lole yopanda katundu ikamenya hampu usiku imagogoda kuposa ikamangodutsa, ndipo ikatero imapondanso moto kuti inyamuke.

Za mitengo tinene mosabisa. Mzere umodzi wa mitengo umakongoletsa, umagwira fumbi, koma phokoso sulitsitsa. Kuti mupeze 5 dB pamafunika nkhalango yothithikana ya mamita 30 m'lifupi, yoti munthu sangaone kuseri kwake. Bzalani mitengo, koma musaiwerengere m'madesibelo.

Kutalika, utali ndi kulemera

Apa m'pamene ntchito zambiri zimafera, choncho tichedwepo.

Phokoso limafika kuseri kwa khoma m'njira zitatu: kulumpha pamwamba, kuzungulira kumapeto, ndi kuboola m'kati. Njira imodzi ikatsala yotseguka, zina ziwirizo mwangozivutikira.

Pamwamba. Khoma likangokwanira kubisa gwero la phokoso kwa munthu womvera, limachotsa pafupifupi 5 dB. Mita iliyonse yoonjezera pamenepo imachotsanso pafupifupi 1.5 dB. Ndiye 5 dB n'njosavuta, 10 dB n'njotheka, 15 dB n'njovuta kwambiri, ndipo wokulonjezani 20 dB mumukayikire. Gwero la phokoso si matayala okha. Malole ena paipi yawo ya utsi imathera m'mwamba, mamita 3 kapena kuposa. Pali njira yosavuta yoonera izi musanakumbe. Zikani nsungwi ziwiri pomwe mukufuna khoma, mangani chingwe pa msinkhu womwe mwaganiza, ndiye imani pa windo la kalasi kapena la chipinda chogona n'kuyang'ana malole a mzere wakutali. Ngati mukuona denga la lole pamwamba pa chingwecho, khomalo lachepa. Makoma ambiri a misewu amakhala mamita 3 mpaka 5. Mpanda wa mamita 2 womwe timamanga pa mapuloti umabisa maso, koma malole umawasiya.

Malo oimika khoma: pafupi kwambiri ndi msewu, kapena pafupi kwambiri ndi nyumba. Pakatikati m'pomwe limagwira ntchito pang'ono koposa. Msewu ukakhala pamwamba pa dothi lounjika, khoma likhale m'mphepete mwa msewu pamwamba pomwepo. Ukakhala m'chigwa chokumba, likhale pamwamba pa chigumulacho.

Kumapeto. Lamulo lake n'lakuti khoma lipitirire nyumba yomaliza, mbali iliyonse, kuwirikiza kanayi mtunda wa pakati pa nyumbayo ndi khoma. Tiyerekeze buloko ya makalasi yotalika mamita 60, yomwe ili mamita 25 kuchoka pa khoma. Kumanja muonjezera mamita 100, kumanzere 100, khoma lonse mamita 260. Ambiri akaona nambala imeneyi amadula, n'kumanga mamita 60 oyang'anizana ndi makalasi okha. Phokoso limangolowera m'mbali. Malo akachepa, pindani mapeto a khoma kulowera ku mbali ya nyumba.

M'kati. Chomangira chilemere makilogalamu 20 pa sikweyamita imodzi kapena kuposa. Mabuloko a simenti ndi konkire zimapitirira kutali. Malata ofolerera nyumba safika ngakhale makilogalamu 5, choncho sayenera. Thabwa la paini liyenera kukhala lochindikala mamilimita 40, ndipo matabwawo alumikizane molowana, chifukwa thabwa likauma m'chilimwe limafota n'kusiya ming'alu. Mipata ndiye mdani wamkulu. Mpata wa masentimita 10 m'munsi mwa khoma la mamita 3 ndi magawo 3 pa 100 alionse a khomalo, koma umachititsa kuti ngakhale khoma la konkire lizitchinga ngati thabwa lopyapyala. Pitani pa khoma lililonse lomwe madzi a mvula anakumba pansi pake, pomwe galu amadutsira, mugwade n'kuika khutu: msewu wonse uli pamenepo. Mabuloko aikidwe pulasitala mbali imodzi kapena zonse, popeza buloko losaumbidwa bwino limapitirira mpweya, ndipo pomwe mpweya wadutsa phokoso ladutsanso.

Anthu adzafunabe kuwoloka. Mukawatsekera njira yawo yopita ku msika, ku chigayo kapena ku siteji, adzaboola okha. Siyani polowera, koma makoma awiriwo apitirirane: limodzi patsogolo, lina kumbuyo, mbali yopitiriranayo italike kuwirikiza kanayi kukula kwa mpatawo. Mpata wa mamita 2 ufuna mamita 8, ndipo pakhale nyali, chifukwa kanjira kobisika kotere usiku amayi ndi ana a sukulu sangakakhulupirire.

Makoma akakhala mbali zonse ziwiri za msewu, phokoso limanjanja pakati pawo n'kudumphira kunja. Mtunda wa pakati pawo ukachepera kuwirikiza ka 10 msinkhu wawo, mbali yoyang'ana msewu ikhale ya zinthu zomeza phokoso. Ngakhale khoma likhale limodzi, onani amene ali kutsidya: amalandira phokoso lobwerera, lochepa ndithu, komabe akhoza kudandaula.

Chomangira

Pamene malo alipo, chimulu cha dothi chimaposa zonse. Sichibedwa, sichichita dzimbiri, ndipo chimachotsa 1 mpaka 3 dB kuposa khoma la msinkhu womwewo. Vuto lake chimadya malo. Chimulu cha mamita 3, chotsetsereka mita 1 pa mamita 2 alionse, chokhala ndi mita 1 pamwamba, chimatenga mamita 13 pansi ndi makiyubiki mita 21 a dothi pa mita iliyonse. Pa chitsanzo chathu cha mamita 260 ndi makiyubiki mita 5,460, kutanthauza maulendo oposa 540 a thipa yonyamula makiyubiki mita 10. Chimatchipa pokhapokha msewu ukumangidwa ndipo dothi lokumbidwa likusowa kotaya. Litsindireni m'magawo a masentimita 15 mpaka 20, ndipo bzalani kapinga kapena vetiva mvula yoyamba isanagwe. Malo akachepa, mangani chimulu chachifupi n'kuimika khoma pamwamba pake.

Mabuloko a simenti ndi omwe amisiri athu amawadziwa. Buloko la mamilimita 400 kwa 200 limalowa 12.5 pa sikweyamita. Khoma la mamita 260 kwa 3 ndi masikweyamita 780, mabuloko 9,750, ndipo mukaonjezera 5 pa 100 alionse a osweka mufika pafupifupi 10,240. Njerwa zootcha ndi nkhuni zinaletsedwa pa ntchito za boma ndi zikuluzikulu kuyambira 2018, choncho musaziike m'mapulani. Mapanelo a konkire olowetsa pakati pa nsanamira amamangika msanga, koma amafuna kireni ndi labala yotseka polumikizira. Mapanelo a aluminiyamu ndi pulasitiki yoonekera amachokera kunja, amafuna ndalama zakunja, ndipo chitsulo chilichonse chomasuka ndi sipanala chimakopa ogulitsa zitsulo zakutha. Agwiritseni ntchito pa milatho pokha, pomwe kulemera n'kovuta, ndipo mabawuti ake akhale osamasulika. Matabwa ali ndi adani awiri, chiswe ndi moto wa tchire wa mu September ndi October.

Khoma la mamita 3 loima lokha si mpanda wa pakhomo. Chomwe chimaligwetsa ndi mphepo ndi madzi. Tiyerekeze injiniya wawerengera mphepo ya kilopasikali 1 (muyeso wa mphamvu yokankha): chigawo cha mamita 3 kwa 3 chimakankhidwa ndi mphamvu ngati ya makilogalamu 900, ndipo yonseyo imathera pa maziko a nsanamira imodzi. Choncho mapulani a zitsulo, mapilala ndi maziko asainidwe ndi injiniya wolembetsedwa, atakumba maenje oyesera nthaka. Dothi lofiira la katondo limanyamula bwino. La makande m'madambo a Lingadzi ndi mitsinje ina limafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo limathyola khoma. Siyani mpata wofutukukira pa mamita 6 alionse a mabuloko, wotsekedwa ndi zomatira zofewa. Madzi apatseni njira ya paipi kapena kalavati yodutsa pansi pa nthaka, osati bowo loonekera. Nsanamira zachitsulo zikhale zoviikidwa mu zinki motsata muyezo wa ISO 1461. Khoma likayandikira msewu, patsogolo pake pakhale chitsulo chotchinga galimoto, ndipo pa mphambano lisabise galimoto yomwe ikubwera.

Zilolezo ndi anthu

Misewu ikuluikulu ya M, monga M1, imasungidwira malo a mamita 60, mamita 30 mbali iliyonse kuchoka pakati, ndipo simungamangemo popanda chilolezo cha Roads Authority. Misewu ya m'kati mwa mzinda ndi mapulani a zomanga zili m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Za chilengedwe pitani ku MEPA, motsata lamulo la Environment Management Act la 2017. M'mbali mwa msewu m'momwe mumadutsa mapaipi a Lilongwe Water Board, zingwe za ESCOM ndi za intaneti. Aitaneni aonetse pomwe zili, kenako mukumbe timaenje ndi manja kutsimikiza, chifukwa zojambula zakale ndi zomwe zili pansi sizigwirizana nthawi zonse. Ndalama zosunthira zinthuzi zikhale ndi mzere wake mu bajeti.

Khalani pansi ndi makhansala, mafumu, mabuloko lida, akabaza ndi ochita malonda m'mbali mwa msewu mapulani asanathe. Mwini golosale amene khoma lidzamubise kwa makasitomala ali ndi dandaulo lenileni, ndipo n'kwapafupi kusintha mzere pa pepala kusiyana ndi kugumula.

Kugula ntchito

Gawani pawiri. Poyamba lembani katswiri woyeza ndi kujambula, kenako kontilakitala womanga. Ngati ndi ndalama za boma, tsatirani malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, kudzera ku komiti yanu yogula zinthu, ndipo ntchitoyi ikhale mu ndondomeko ya chaka. Kontilakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira makontilakitala lomwe ambiri amalidziwa kuti NCIC, m'gulu logwirizana ndi kukula kwa ntchito.

Sankhani msanga amene adzayankhe madesibelo akapanda kukwana. Ngati mapulani ndi anu, kontilakitala ayankha za msinkhu, kulemera ndi mipata, koma madesibelo ayankha wojambula. Ngati kontilakitala akujambula yekha n'kumanga, lembani mu kontirakiti kuti pa malo akutiakuti, olembedwa pa mapu, phokoso litsike ndi madesibelo akutiakuti. Kusakaniza ziwirizi kumabala mkangano womwe suthera pa saiti.

Mu zikalata za tenda, msinkhu wa khoma ulembedwe kuchoka pa phula la msewu, osati pa nthaka yomwe khoma laimapo. Nthaka ya m'mbali ikakhala yotsika ndi mita imodzi, khoma la mamita 3 limasanduka la mamita 2. Lembani kulemera pa sikweyamita, mphamvu ya konkire ndi ya mabuloko, kuletsa mipata, ndi zaka zomwe khoma liyenera kukhala. Pa mapanelo ochokera kunja funani zikalata za labotale motsata miyezo ya ku Ulaya ya EN 1793 pa za phokoso ndi EN 1794 pa za kulimba. Mu labotalemo, kutchinga kwake phokoso loboola m'kati kupitirire 24 dB, ndipo ngati ndi omeza phokoso, ameze 8 dB kapena kuposa. Chikalatacho chikhale cha panelo lomwelo lomwe akubweretsa, osati la mtundu wina wa kampani yomweyo. Musatchule dzina la kampani imodzi. Mndandanda wa ntchito ndi mitengo ukhale ndi mizere ya kuyesa nthaka, ngalande, kuwongolera galimoto pa nthawi yomanga, nyali, udzu, kuyeza komaliza ndi mapanelo osungira.

Ikani ndime yosintha mitengo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 alionse mu May 2022 ndi 44 pa 100 alionse mu November 2023, ndipo simenti, zitsulo ndi dizilo zimatsatira. Kontirakiti yopanda ndimeyi imakakamiza kontilakitala kuchepetsa simenti kapena kuthawa. Funani chikole cha banki cha 10 pa 100 alionse, sungani 5 mpaka 10 pa 100 alionse a malipiro onse, ndipo nthawi yokonza zolakwika ikhale miyezi 12 kuti khoma lione dzinja lathunthu. Tenda yotsika kwambiri kuposa zinzake ifunseni masamu ake mzere ndi mzere. Kawirikawiri imakhala yadula maziko. Lengezani tenda m'dzinja kuti kukumba kuyambe mu May.

Pa saiti ndi polandira

Kontilakitala amange kaye chigawo cha mamita 10 mpaka 12 chachitsanzo, muchivomereze, chikhale muyezo wa zonse. Zitsulo za m'maziko zionedwe konkire isanathiridwe. Tengani timabokosi ta konkire tokaphwanya poyesa mphamvu yake pa masiku 7 ndi 28, ndi mabuloko angapo pa lole iliyonse. Konkire ithiriridwe madzi masiku 7; m'kutentha kwa October ambiri amasiya tsiku lachiwiri, ndipo ming'alu imayambira pamenepo.

Polandira, yezaninso pa malo omwe aja, msinkhu womwewo, maola omwewo, mukuwerenganso galimoto kuti muyerekeze zofanana. Muyezo wa ISO 10847 umafotokoza njira yake. Usiku wina munthu ayende kuseri kwa khoma galimoto zikudutsa: paliponse pomwe kuwala kwa nyali zawo kwaboola, aikepo chizindikiro cha choko, ndipo kontilakitala atseke asanalandire malipiro omaliza. Lembaninso ofesi yomwe izidzayendera khomalo kawiri pa chaka, mu October kuchotsa zinyalala m'ngalande ndi kulambula udzu, ndi mu April kukwirira pomwe madzi akumba pansi pake.